Mabisiketi a M'kompyuta

Anthu amene ankayenda pa Dedza boma chaka cha chisankho chachiwiri cha matipate amandidziwa ngati mdala amene anagwidwa ndi katoni ya mabisiketi kuseri kwa sitolo. N'zoona, anandigwira, katoniyo ili pamutu, dzuwa likuswa mtengo. Koma sindinabe ayi, ndipo lero ndilongosola bwinobwino, poti ambiri amene ankandiseka aja mano anawathera.

Kwathu ndi kufupi ndi Chongoni, ndipo ndine mlimi wa mbatatesi. Sukulu ndinaiona, nayonso inandiona, kenaka tinasiyana mwamtendere pamene masamu anayamba kumera timichira. Masiku amenewo ndinkakweza matumba panjinga n'kukaunjika mbatatesi yanga pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu waukulu. Mwini sitoloyo anali Msilamu wamtali, wa ndevu zosamalika, munthu wosakonda phokoso. Anandilola kukhala pakhondepo chifukwa, malinga ndi iye, pakamwa panga pankaitana makasitomala kuposa wailesi.

Pakamwa pamenepa m'pofunika mupadziwe. Zaka zonse za chipani chimodzi ndinapasunga ngati mbewu ya chaka chamawa. Matipate atabwera, ndinamva pa wailesi kuti tsopano kuli ufulu wolankhula, ndipo ine ndinaona ngati akunena ineyo ndekha. Nkhani ikalowa m'khutu langa m'mawa pa boma, pofika masana inkakhala itafika ku Mayani, mwini wakene ndisanadzuke pa thumba.

Mwini sitoloyo anali ndi mwana wamkazi amene anakachita kosi ku Lilongwe n'kubwerako ndi kompyuta. Anakakamira mpaka bambo ake anachotsa matumba a shuga pakona kuti chinthucho chikhalepo. Chikafuna kugwira ntchito chinkalanda waya wa telefoni, ndipo chinkayamba chalira kaye ngati mphaka wopanidwa ndi chitseko. Anthu ankabwera kudzatumiza ndi kuwerenga imelo: aphunzitsi, a zankhalango, amayi amene amuna awo anali ku Joni, ngakhalenso bambo mfumu a parishi yathu. Koma mwini sitolo sankachikonda. Tsiku lina ndinamumva ndi makutu angawa akuuza mwana wakeyo kuti, "Chinthu chakochi chikangobweretsa vuto, ngakhale laling'ono, chikwera basi kubwerera ku Lilongwe. Iwe ubwerera pa sikelo kukayeza mchere."

Mtsikanayo mchere ankadana nawo. Ankati akauyeza tsiku lonse, ngakhale maloto ake ankakhala owawa.

Poti ndinkakhala pafupi, inenso ananditsegulira bokosi langa la imelo. Vuto linali lakuti padziko lonse lapansi panalibe wondilembera. Komabe ndikangotsitsa matumba ndinkasuzumira pakhomo.

"Mwanawe, kwabwera kanthu?"

"Palibe, agogo."

"Tayang'ana pansi pake."

"Kulibe pansi pake, agogo."

Lachisanu lina, nkhungu itakana kuchoka paphiri mpaka masana, mwini sitolo anapita ku mzikiti. Mtsikana uja anandiitana.

"Agogo, tandibwerekani bokosi lanu. Ndikufuna kuyesa kanthu kena, ndipo lanuli ndi lokhalo lopanda choti n'kuwonongeka."

Chinali chipongwe, koma ndinavomera. Analemba zolembazo, n'kutumiza kuchokera m'bokosi lake kupita m'langa.

"Bwerani, mwalandira imelo. Mutsegule nokha."

Ndinapukuta dothi la m'manja pa jekete, ndinagwira kachipangizo kodinira kamene amakatcha kambewa ngati ndikugwira dzira, n'kudina. Pakati pa galasi panatulukira kabokosi, balamanthu! M'kati mwake munali mawu akuti: MWASWERA BWANJI AGOGO?

Ine ndinaleredwa bwino. Ndinavula chipewa.

"Ndaswera bwino, kaya inu anzathu?"

Mtsikanayo anaseka pang'ono, kenaka anagwira mutu ndi manja awiri. "Ndiye n'zoona. Agogo, apa pabowoka."

Ndinayang'ana kuseri kwa kompyuta. Bowo sindinalione.

"Osati pamenepo. Tamverani. Imelo yabwinobwino imangokhala phee, inu n'kuiwerenga. Iyi ndaibisira malamulo m'kati. Tsamba la pa intaneti limene timawerengerapo imeloli limayenera kusefa zinthu zotere, koma silikusefa. Likumvera mlendo ngati kuti ndiye mwini nyumba. Ine ndalilamula kuti likupatseni moni basi. Koma munthu woipa angathe kulilamula kuti likunamizeni mulembenso mawu anu achinsinsi, kapena kuti libe kuki wanu."

"Kuki? Ine kuki ndinamulemba liti? Amandiphikira ndi mayi a kunyumba."

"Si kuki wophika, agogo. Kwa azungu a ku Amereka kuki ndi bisiketi."

Apa anapitiriza kulongosola kuti ndi dzina chabe, kuti si bisiketi wodya koma kachizindikiro kamene kompyuta imasunga kuti idziwe kuti amene walowa ndi inuyo, ndipo woba kachizindikiroko amalowa m'bokosi mwanu ngati kwawo. Ananenanso kuti pa kompyuta yakeyo azimitsa kaye kamene kamamvera malamuloko, kuti makasitomala ake asaone zovuta. Zonsezi ndinazimvetsa patapita nthawi. Tsikulo makutu anga anafika pa mawu akuti bisiketi n'kuima nji, ngati bulu pa mlatho wamitengo. Maso anga anakwera pa shelefu imene inali pamwamba penipeni pa kompyutayo. Pamenepo m'pamene mwini sitolo ankaika makatoni a mabisiketi.

"Ndiye ndikawauze anthu!" Ndinali nditaimirira kale, chipewa chili m'manja.

Anandigwira jekete. "Ayi, agogo, chonde! Tsamba limeneli si langa. Eni ake ali kutsidya kwa nyanja, ndipo amaligwiritsa ntchito anthu a dziko lonse. Ndiwalembera mwakachetechete, ndiwasonyeze pamene pabowoka, ndiwapatse nthawi yoti atseke. Akatseka ndiye tidzalengeza. Mukalankhula lero, akuba amva msanga kuposa okonza."

"Nanga akapanda kutseka?"

"Ndiwauza kuti chisanu chikamatha, anthu ndidzawachenjeza ndekha. Koma pakadali pano pakamwa patsekeke. Komanso bambo anga akangomva mawu akuti vuto..." Sanamalize. Anangoloza sikelo ya mchere ndi chibwano.

Apo ndinamumvetsa, poti ndinakhalapo nkhoswe. Mkamwini akamalephera zina kunyumba simukakuwa pa mjigo. Mumayamba mwawatengera pambali amalume ake. Kungoti maukwati amene ine ndinaimira unkhoswe, nkhani zake zinkadziwika mpaka ku Kaphuka. Komabe ndinalumbira. Ndinagwira pachifuwa, pamene pali korona yanga, iye n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wasungitsa nyama kwa galu.

Masiku otsatirawo ndinavutika, abale. Inali nyengo ya kampeni. Magalimoto a zipani ankadutsa mumsewu ndi zimkuzamawu, aliyense akulonjeza kuti zinthu zizichitika poyera, zobisa zinatha. Ine ndili pa thumba langa, nkhani yaikulu kuposa zawozo ikundikanda kukhosi. Munthu akati, "Madala, kwagwanji pa boma pano?" ndinkangoti, "Mbatatesi." Anthu anayamba kugula kwa anzanga, amati yanga yasiya kukoma.

Kunyumba nakonso kunavuta. Mayi a ana anga anandiyang'ana tsiku loyamba, tsiku lachiwiri anawiritsa masamba a bulugamu n'kundifunditsa bulangete kuti ndifukize. Ataona kuti thukuta latuluka koma mawu sakutuluka, anakhala pansi moyang'anizana nane.

"Bambo inu, ndi ndani?"

"Ndani chiyani?"

"Mkaziyo. Chikwatiranireni sindinadyepo ndiwo mwabata chonchi. Alipo amene mukumuthirira mawu onse ku bomako, kuno mukungobweretsa makoko."

"Mayi, ndasunga chinsinsi."

"Inu? Chinsinsi?" Anaseka mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Kenaka anasiya kuseka. "Ndiye kuti alipodi."

Uko eni ake a tsamba lija anayankha msanga, koma woyankhayo sanali munthu. Anali makina. Anathokoza mtsikana uja chifukwa cholemba, n'kumufunsa ngati waiwala mawu ake achinsinsi. Iye analembanso, makina aja anamuthokozanso ndi mawu omwe aja. Ine monga nkhoswe ndinaona kuti apa m'pofunika nzeru za akulu.

"Mwanawe, ukulankhula ndi kamwana ka pakhomo. Kampani imeneyo ili ndi amalume ake. Funsa keyala ya amalumewo."

"Ndinaipeza kale dzana, agogo. Ndawatumizira zonse, mmene angayesere okha n'kuona."

"Eya, ndi zimene ndimati ndikuuze dzanalo."

Kudikira kunapitirira. Mimba yanga inayamba kutupa, ndikunena zoona, lamba anasuntha bowo. Ndipo Loweruka lina nzeru inandibwerera. Pali malo amodzi padziko pano pamene munthu ungakhuthule nkhani koma osatayika: kolapa. Ndinapalasa njinga mpaka ku parishi, ndinagwada kuseri kwa katani.

"Bambo, ndabwera ndi tchimo, koma si langa."

"Ndi la yani, mwana wanga?" Bambo mfumuwo anali msinkhu wa mwana wanga wachiwiri, koma kolapa tonse ndife ana.

"La kompyuta."

Ndinakhuthula zonse, kuyambira moni uja mpaka mabisiketi. Mpweya unayamba kulowa bwino m'chifuwa. 

"Mwaba mabisiketi?"

"Ayi, bambo. Adzabedwa."

"Ndipo mukunena imelo iti? Ija ya pasitolo?"

"Yomweyo. Imene mumalembera anzanu a ku Roma."

Ndinamva mpando ukulira. "Akulu inu, mukudziwa chimene mwandichita? Zimene ndamva muno sindingauze munthu, ngakhale kuonetsa pankhope kuti ndikuzidziwa. Mwangondisenzetsa katundu wanu pamutu."

"N'chifukwa chake ndabwera, bambo."

Anandipatsa mapemphero ambirimbiri oti ndikanene, osati chifukwa cha tchimo, koma kuti pakamwa pakhale ndi chochita. Sabata yotsatira anabwera kusitolo monga mwa masiku onse. Anakhala patali ndi kompyuta, dzanja atalitambasula, akudina ndi chala chimodzi ngati munthu wovundukula mphika wa njuchi. Potuluka anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana, tonse tinayang'ana mabisiketi. 

Mabisiketiwo ndiwo ankandisowetsa mtendere. Tsiku ndi tsiku ndinkasuzumira pa shelefu paja ndi kuona kuti akuchepa. Zoti pasitolo zinthu zimachepa chifukwa anthu akugula sizinandifike m'mutu. Ine ndinkangoona akuba a kutsidya kwa nyanja akuwakoka mmodzimmodzi kudzera mu waya wa telefoni. Ndinaganiza kuti mwini sitolo akadzazindikira, ndiye vuto lija limeneli, kompyuta ikwera basi. Kunena sindikanatha, poti ndinalumbira. Koma kunyamula katoni si kulankhula.

Lachisanu linanso, mwini sitolo ali ku mzikiti, mtsikana uja anathamangira ku positi kukadandaula za telefoni imene inkangoduka. Anandisiyira sitolo kuti ndiyang'anire, monga ankachitira nthawi zina. Ndinakwera pa mpando, ndinatsitsa katoni, ndinaisenza, n'kuzungulira nayo kuseri kuti ndikaiike m'chipinda chosungiramo katundu, kutali ndi waya. Pokhota pakona, gululu! Ndakumana ndi mwini sitolo ndi anzake ochokera ku mapemphero, mikanjo ili mbee.

Tinaima. Iye anayang'ana katoni, kenaka ine, kenaka katoni.

"Madala, mabisiketi anga akupita kuti?"

"Akukapuma."

"Akukapuma?"

"Pamene anali paja pamawomba mphepo."

Mmodzi wa anzake aja anatsokomola m'chisoti. Amayi ogulitsa kabichi anasiya malonda awo n'kutizungulira. Wina anakuwa kuti, "Ndi chifukwa chake anasiya kulankhula, m'kamwa mumakhala modzaza!"

"Achimwene," anatero mwini sitolo motsitsa mawu, "mwakhala pakhonde langa nthawi yaitali. Ndipatseni chifukwa chimodzi chomveka, nkhani ithere pompano."

Chifukwacho ndinali nacho, chokoma, chachilendo, choti boma lonse likanasiya kudya kuti limve. Chinakwera kuchoka m'mimba, chinafika pakhosi, chinagogoda kumano. Nthawi yomweyo mtsikana uja anatulukira kuchokera ku positi. Anaona katoni, anaona bambo ake, ndipo ndinaona akutsegula pakamwa. Ankafuna kuulula zonse kuti andipulumutse, n'kubwerera ku mchere wake.

Ndinakuwa kuposa zimkuzamawu za kampeni: "Ndimafuna ndilaweko!"

Anthu anagwa nacho chiseko. Mwini sitolo sanaseke. Ananditula katoni ija yekha, mwaulemu, n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo mbatatesi yanga ipeze khonde lina. Khonde lina panalibe. Ndinasamukira kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo wopanda masamba, pamene mphepo ya ku Dedza imachitira misonkhano yake.

Mawa lake mtsikana uja anawoloka msewu, maso ali ofiira.

"Agogo, izi sizoona. Ndikawauza bambo zonse."

"Ukangoyerekeza, ine ndikakana. Ndikati ndinadyadi, ndipo anali okoma."

"Koma katoni ija mumapita nayo kuti?"

Ndinamufotokozera mmene ndinkatetezera mabisiketi kwa akuba a mu waya. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakhala pa thumba langa la mbatatesi, anaphimba nkhope ndi mpango wake, mapewa akugwedezeka. Ndimayesa akulira. Ankaseka, misozi ili chuchuchu.

"Agogo, ndinakuuzani kuti si bisiketi wodya!"

"Unati bisiketi."

"Ndinati ndi dzina chabe!"

"Nanga amene anatcha dzinalo analibe mayina ena? Bwanji sanati mwala? Ndikanasenza mwala ine?"

Tsiku la katoni lija, kunyumba mbiri inali itafika kale ine ndisanafike, koyamba m'moyo wanga. Mayi a ana anandilandira ndi nkhope yowala, madzi osamba ali otentha.

"Ndiye nkhani yonse ija inali mabisiketi? Bola, bambo. Ine ndimayesa ndi mkazi."

Ndinakhala pansi pa mtengo uja mpaka milomo inang'ambika. Ana asukulu podutsa ankandifunsa ngati mabisiketi apuma mokwanira. Ine duu. Kenaka m'mawa wina, chisanu chitayamba kufooka, ndinaona mtsikana uja ataima pakhomo la sitolo akundikodola ndi manja onse awiri. Amalume a kampani aja anali atayankha, munthu weniweni wamagazi. Anapepesa chifukwa chochedwa, anati bowo atseka, anamupempha kuti ayesenso yekha, ndipo anati pa chidziwitso chimene atulutse kwa anthu onse amuthokoza poyera.

Anaitana bambo ake kuti aime pafupi. Iwo anabwera monyinyirika, osandiyang'ana. Mtsikanayo anayatsanso kamene kamamvera malamulo kaja, kamene anazimitsa kaja, n'kutumiza imelo yomwe ija m'bokosi langa. Ine chipewa ndinavuliratu. Ndinadina kambewa.

Palibe chinatulukira. Pa galasi panangoti mbwee tizizindikiro tokhotakhota, malamulo aja ali pambalambanda, opanda mphamvu, ndipo pakati pake panagona moni wanga uja ngati nkhuku yosolola nthenga. Mtsikanayo anawomba m'manja. Ine ndinamva kachisoni. Pa boma ponse chinali chinthu chokhacho chimene chinkandipatsabe ulemu, ndipo anachiletsa.

Apo ndiye anawafotokozera bambo ake zonse, kuyambira pachiyambi mpaka pa katoni. Iwo anamvetsera akusisita ndevu. Atatha, bambo akewo analoza kompyuta.

"Ndiye kuti chinthu ichi chinali ndi vuto."

 Mtsikanayo anayang'ana sikelo ya mchere.

"Linalipo, bambo. Koma silinali la kompyuta yathu yokha, linali la dziko lonse."

"Ndipo iwe unandibisira."

"Ndimadikira kuti eni ake atseke kaye."

"Nanga mdala uyu?" Anandiloza ndi chala chachikulu, osatembenuka. "Ankadziwa kuyambira tsiku loyamba?"

"Eya, bambo."

"Osauza munthu?"

Ndinakumbukira bambo mfumu, koma zimenezo ndi za kolapa, sizikhudza Asilamu. Ndinangokweza chibwano.

Mwini sitolo anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akuona ng'ombe yamiyendo isanu.

"Zoti azungu athokoza mwana wanga, ndingathe kukhulupirira. Zoti kalata imalamula makina, kaya, dziko latembenuka. Koma zoti munthu uyu wasunga nkhani chisanu chonse, mpaka kulola kutchedwa wakuba..." Anapukusa mutu. "Boma lakale linachita kumuopseza ndi ndende kuti atseke. Ayi, chinthu chimene chatseka pakamwa pa mdala uyu sichichoka m'sitolo muno. Achimwene, katengeni matumba anu, mukuzizidwa uko."

Mtsikanayo anamata pepala pachitseko lofotokozera makasitomala zimene zinachitika, ndi kuwalangiza kuti asinthe mawu awo achinsinsi. Kenaka anandiyang'ana n'kunena kuti, "Agogo, tsopano lankhulani."

Ndinalankhula. Ndinayambira kwa amayi a kabichi, ndinapita kwa okonza njinga, ndinakwera mpaka pa depoti ya basi. Ndinalongosola za kusefa, za kachizindikiro, za amalume a kampani, zonse mwadongosolo. Palibe anakhulupirira. Pofika madzulo, nkhani imene inafika ku Mayani inali yakuti pa boma pali kompyuta imene imadya mabisiketi, ndipo mdala wa mbatatesi ndiye amaidyetsa.

M'mawa mwake ndinabwezera matumba anga pakhonde, ndinasuzumira pakhomo kuti ndifunse ngati kwabwera kanthu. Mtsikana uja anali pa kompyuta yake akuseka yekha. Anandilozera shelefu ya pamwamba ija. Panali sopo ndi machesi. Mabisiketi onse bambo ake anali atawasamutsira kumapeto kwenikweni kwa sitolo, kutali ndi waya.